Asisitere ndi Abwenzi a Chipani: Mafunso ndi Mayankho

Tsiku la malumbiro a asisitere aliyense pa parishi amalidziwa: kwaya, nthungululu, makolo akugwetsa misozi yosadziwika ngati ndi yachimwemwe kapena yotaya mwana. Chimene ambiri sanazolowere n'kuona amayi apabanja ndi abambo akuimirira nawonso asisitere atangokhala pansi, pepala kumanja, n'kuwerenga lonjezo lawo pamaso pa mkulu wa chipani, ndiye kuti gulu la asisiterewo. Tsiku limene ine ndinaimirira chomwecho, mayi wina wa mu mphakati mwathu anandikoka chitenje tikutuluka: "Nanga Anaphiri, banja lija mwalisiya?" Banja sindinalisiye. Koma kuyambira tsikulo mafunso sanathe, ndipo awa ndi amene amabwerabwera.

Kodi abwenzi a chipani ndi asisitere osavala velo?

Ayi. Ndi akhristu eni ake: aphunzitsi, anamwino, alimi, ogulitsa tomato pamsika, amasiye, achinyamata amene sanalowe m'banja. Amagona kwawo, amadya thukuta lawo, ana awo amawalipirira okha sukulu. Chimene chimawamanga ku chipani ndi lonjezo lakuti adzapemphera, adzasonkhana ndi anzawo, ndipo adzatumikira anthu motsata mzimu wa chipanicho, ali pomwe ali. Pa Chingerezi zipani zambiri zimawatchula associates, koma mayina ndi ambiri. A Daughters of Wisdom amati Friends of Wisdom, a Don Bosco amati Cooperators, a Benedikitini amati Oblates. Ife pano tingoti abwenzi.

Velo nayo isakusokonezeni. Alipo asisitere enieni, a malumbiro osatha, amene savala velo chifukwa chipani chawo chinasankha kuvala monga amayi a kumene akutumikirako. Usisitere uli m'malumbiro, suli pa nsalu ya kumutu.

Malumbiro ndi lonjezo, si chinthu chimodzi chomwecho?

Si chimodzi. Sisitere amalumbira zitatu pamaso pa Mulungu, Mpingo n'kulandira: umphawi, kudzisunga osakwatiwa, ndi kumvera. Umphawi wake si kuvala sanza; ndi wakuti alibe chake. Akakhala namwino kapena mphunzitsi wolandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndalamayo imalowa m'thumba la onse, iye n'kumapempha ya sopo ngati mnzake wosagwira ntchito ya malipiro. Kumvera kwake ndi kwakuti akamuuza kuti achoke ku Lilongwe apite ku Nsanje, amalongedza. Ndipo malumbiro osatha sangadzimasulire yekha: chilolezo chimachokera kwa episkopi kapena ku Roma, malinga ndi mtundu wa chipani.

Lonjezo la bwenzi silifika pamenepo. Chipani sichikhudza katundu wake, sichingamusamutse, ndipo iye savota posankha akuluakulu a chipani. Zipani zambiri zimati lonjezolo likhale la chaka chimodzi kapena zingapo, kenaka munthu alibwereze ngati mtima ukadalipo. Ena amaliyesa lopepuka chifukwa cha zimenezi. Ine sindivomera msanga. Sisitere ali ndi belu lomuitanira ku mapemphero ndi mkulu womufunsa akajomba. Mayi wa ana anayi amene wabwera kuchokera kumunda dzuwa litapendeka, womukumbutsa ndi chikumbumtima chake basi.

Mtsikana amatenga zaka zingati kuti akhale sisitere? Nanga bwenzi?

Zambiri kuposa mmene makolo amaganizira. Amayamba ndi kuchezera chipani, kawirikawiri akadali ku sekondale kapena atangolemba mayeso a Fomu 4. Akamulandira amakhala kaye nyengo yoyesera moyo wa m'konventi, kenaka unovisi, nyengo yophunzira moyo wa usisitere asanalumbire. Malamulo a Mpingo a 1983 amati munthu asalowe unovisi asanakwanitse zaka 17, ndipo unovisiwo ukhale wa miyezi yosachepera 12 koma usapitirire zaka ziwiri. Akatero amachita malumbiro a kanthawi kwa zaka zosachepera 3 ndi zosapitirira 6, ngakhale akuluakulu angathe kumuonjezera mpaka 9. Malumbiro osatha sangachite asanakwanitse zaka 21. Panjira ponsepo ali ndi ufulu wobwerera kwawo, chipani nachonso chili ndi ufulu womubweza.

Kukonzekera kwa bwenzi n'kwakufupi, chaka chimodzi kapena ziwiri, kukumana mwina kamodzi pamwezi. Amaphunzira mbiri ya woyambitsa chipani, kapempheredwe kake, ndi chiphunzitso cha Mpingo pa za moyo wa anthu.

Izi si zachilendo zochokera ku America?

Kuchuluka kwake lero kuli ku America, inde, koma muzu wake ndi wakale kwambiri. Francis wa ku Assisi akulalika m'zaka za m'ma 1200, anthu apabanja anafuna kumutsata osasiya nyumba zawo, ndipo m'menemo munabadwa gulu lachitatu la Afransisko limene lilipo mpaka lero. Catherine wa ku Siena, amene pa zithunzi amaoneka ngati sisitere, sanakhale m'konventi. Anali wa gulu lachitatu la Adominiko, ankakhala pakhomo pa makolo ake, ndipo ndi iyeyo amene mu 1376 anakafika ku Avignon kukauza Papa Gregory XI kuti abwerere ku Roma. Kwa Vincent de Paul zinachita kutembenuka: anayamba ndi bungwe la amayi apabanja osamalira odwala osauka mu 1617, asisitere a Daughters of Charity n'kudzabadwa mu 1633, iye ndi Louise de Marillac atawayambitsa. Pamenepo akhristu eni ake ndi amene anali akulu, asisitere ang'ono awo.

Moto unakolezedwanso ndi msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965. Unaphunzitsa kuti kuyera mtima si kwa ansembe ndi asisitere okha koma kwa wobatizidwa aliyense, ndipo unauza zipani kuti zibwerere ku mzimu wa oziyambitsa. Zitabwerera, zinapeza kuti mzimuwo ungathe kukhala mwa munthu wopanda malumbiro. Papa John Paul II anavomereza zimenezi mu 1996 m'kalata yake ya Vita Consecrata.

Ku United States kuli chifukwa china chimene sitiyenera kuchibisa. Mu 1965 kunali asisitere pafupifupi 180,000. Lero sakufika 40,000, ndipo ambiri ndi okalamba. Abwenzi m'dzikolo ndi ku Canada anapitirira 55,000 zaka zingapo zapitazo. Kumeneko funso ndi lakuti asisitere akatha, adzanyamule ntchito ndani. Kuno si choncho, atsikana akulowabe. Chifukwa chathu n'china: alipo malo amene sisitere safikako, kapena akafika anthu amasintha nkhani. Pa mjigo, ku chigayo, mu ofesi momwe akugawana ndalama ya chinyengo, pa siwa usiku achibale akunong'onezana za nyumba ya malemu. Kumeneko kumakhala ife.

Nanga kuno kwathu asisitere anayamba liti?

Ansembe a White Fathers anafika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889 koma sanakhalitse. A Montfort anakhazikika ku Nzama ku Ntcheu mu 1901, a White Fathers n'kubweranso mu 1902. Sipanatenge nthawi kuti aone kuti mwamuna, mlendonso, sangalowe m'chikuta kapena kukhala pa mtondo ndi amayi. Choncho a Daughters of Wisdom anafika mu 1904 n'kuyamba ntchito ku Nguludi, a White Sisters n'kutsatira mu 1911 ku Mua.

Zipani za Amalawi eni zinabadwa pambuyo pake. Episkopi Louis Auneau anayambitsa a Servants of the Blessed Virgin Mary mu 1925. Episkopi Mathurin Guillemé anayambitsa a Teresian mu 1929. Kumpoto Monsinyo Marcel St-Denis anayambitsa a Rosarian mu 1951, ndipo ku Dedza Ambuye Cornelius Chitsulo, episkopi woyamba wachimalawi, anayambitsa a Presentation. Ena anabwera kuchokera kunja, monga a Medical Missionaries of Mary amene anayendetsa chipatala cha St John's ku Mzuzu, ndi a Poor Clares a ku Lilongwe amene satuluka mu mpanda wawo.

Ndimakonda kuganizira atsikana oyamba aja a m'ma 1920. Pa mudzi pamene ulemu wa mkazi ndi mbumba yake, pamene malume akuwerengera kuti mwana wa mlongo wawo adzakulitsa mtundu, mtsikana n'kunena kuti sadzakwatiwa ndipo sadzabala. Analibe mkulu womuonera chitsanzo. Ife tikamadandaula kuti msonkhano wa abwenzi wagwa tsiku la msika, tizikumbukira amenewo.

Mumati "mzimu wa chipani". N'chiyani chimenecho?

Ndi bala limene woyambitsa chipani analiona n'kulephera kulilambalala. Guillemé, asanabwere kuno, anakhala m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika pamene malonda a akapolo anali pachimake, ndipo anaombola ambiri. N'chifukwa chake a Teresian mpaka lero amakamba za kumasula munthu ku ukapolo wa mtundu uliwonse. Mary Martin wa ku Ireland anaona amayi akufa pobereka ku Nigeria pa nthawi imene Mpingo sunkalola asisitere kugwira ntchito ya uzamba. Roma itachotsa chiletsocho mu 1936, iye anayambitsa chipani chake mu 1937, ndipo mzimu wawo ndi kuchiza. A Poor Clares mzimu wawo ndi pemphero ndi umphawi, basi.

Ndiye posankha musayang'ane konventi imene ili pafupi kapena chitenje chimene chakukongolerani. Yang'anani bala limene inunso limakusowetsani tulo.

Ndili kale mu mphakati, mu Legio ndi m'bungwe la amayi. Kuonjezeranji china?

Mwina musaonjezere. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tili nawo akhristu amene sutikesi yawo yadzaza ndi mayunifolomu a mabungwe asanu, Loweruka lililonse ali pa msonkhano, ana kunyumba akuleredwa ndi wailesi ya kanema.

Mphakati ndiye pakhomo. Aepiskopi a m'chigawo chino cha Africa anagwirizana mu 1973 ndi mu 1976 kuti moyo wa Mpingo uzikhazikika m'miphakati, ndipo ku Lilongwe Ambuye Patrick Kalilombe anayendetsa sinodi ya dayosizi kuyambira 1973 mpaka 1975 pa nkhani yomweyi. Ubwenzi wa chipani sulowa m'malo mwa zimenezo. Ngati kukhala bwenzi kwakuchititsani kujomba ku mphakati, kapena kudziona ngati mkhristu wa giredi yapamwamba chifukwa asisitere amakudziwani dzina, chinachake chalakwika. Ukagwira bwino, anthu a mu mphakati mwanu ndi amene amayamba kuona kusintha, inu musananene kanthu.

Abambo amaloledwa? Nanga amene ukwati wawo sunadalitsidwe, kapena a mpingo wina?

Abambo amaloledwa m'zipani zambiri za asisitere, kungoti amachita manyazi. Za ukwati wosadalitsa ndi za a mipingo ina, chipani chilichonse chili ndi malamulo ake. Zina za ku Ulaya ndi ku America zimalandira akhristu a mipingo ina. Funsani, ndipo nenani zoona za mmene mulili. Safunsa anadya phula.

Ndikalowa, asisitere adzandithandiza fizi ya ana kapena kundipezera ntchito ku chipatala chawo?

Anthu safunsa funso ili mokweza, koma ndi limene limadzaza holo tsiku loyamba. Pa msonkhano wathu woyamba mipando inachepa. Mbiri inali itamveka kuti asisitere ayambitsa bungwe, ndipo kuno bungwe likamayamba anthu amamva fungo la alawansi. Sisitere atafotokoza kuti aliyense azidzilipirira yekha minibasi, ndipo pa m'bindikiro azibwera ndi ufa ndi ndiwo zake, mwezi wotsatira tinakwana pa mabenchi awiri.

Sindikuseka amene anachokawo. Umphawi ndi weniweni, ndipo amene akuona galimoto ya asisitere ndi nyumba ya malata yokhala ndi mpanda sangalephere kuganiza kuti mkatimo muli ndalama. Koma zipani zambiri za kuno zimadalira malipiro a asisitere ochepa amene ali pa ntchito, munda, nkhuku, chigayo, kusoka zovala za ansembe ndi kuphika okaristia. M'thumba lomwelo muchoke chakudya cha manovisi, fizi ya asisitere amene ali ku koleji, ndi mankhwala a okalamba amene anatumikira zaka 50 popanda penshoni. Thandizo la kunja limene linkabwera kale likuphwa pamodzi ndi asisitere achizungu amene ankalipempha kwawo.

Yankho ndi ayi: lonjezo silikupatsani ufulu pa khobidi la chipani, ndipo chipani chilibe ufulu pa lanu. Bwenzi akagwa m'mavuto timasonkherana monga amachitira abale, koma chimenecho ndi chikondi, si ngongole.

Mbali inayo ndiinenenso. Pa konventi ina tinapezeka kuti ntchito yathu yasanduka kusenda mbatata ndi kutsuka miphika pa zikondwerero, asisitere ndi alendo ali pa tebulo. Kutumikira sitikana. Koma tinapempha kukumana ndi mkulu wa nyumbayo n'kumuuza mwaulemu kuti tinalonjeza kugawana mzimu wa chipani, osati kukhala antchito osalipidwa. Anakhala chete kanthawi, kenaka anavomera kuti sanaganizepo. Chaka chotsatira pokonza ndondomeko ya ntchito za chaka anatiitana, ndipo miphika tinatsuka limodzi.

Za kupemphera ndi kuthandiza osauka tikumva. Koma za chilungamozi si ndale?

Mawu akuti chipani amasokoneza kale, ndiye funsoli n'lomveka. Koma taonani mmene limabwerera. Mukapatsa wanjala mbale ya ufa aliyense amaomba m'manja. Mukafunsa chifukwa chake mlimi amene anakolola ngolo zitatu akugona ndi njala mu Januwale, pamene venda anamugula chimangacho mu Meyi ndi sikelo yobera, pomwepo anthu amati mwayamba ndale.

Mpingo unayankha kalekale. Papa Leo XIII mu 1891 analemba kalata ya Rerum Novarum yonena za malipiro oyenera ndi ufulu wa antchito wokhala ndi mabungwe awo. Aepiskopi atasonkhana ku Roma mu 1971 anati kugwirira ntchito chilungamo ndi gawo la kulalika Uthenga Wabwino kwenikweniko. Ndipo ife Amalawi sitisowa kupita kutali. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya aepiskopi imene inakamba za kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, kutsekera anthu osawazenga mlandu, ndi mantha oyankhula. Boma linati kalatayo ndi youkira. Aepiskopi anaitanidwa ku polisi, nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Pa 14 Juni 1993 anthu anavotera zipani zambiri. Anasaina kalatayo ndi aepiskopi, koma amene anaibisa pansi pa mphasa n'kumapatsirana, podziwa kuti kupezeka nayo ndi mlandu, anali akhristu wamba.

Malire alipo. Malamulo a Mpingo salola sisitere kukhala mtsogoleri kapena wokopa anthu m'chipani cha ndale. Mkhristu mwini wake angathe kulowa ndale, kuima nawo pa ukhansala kapena uphungu, ndipo Mpingo umafuna anthu oongoka kumeneko. Chimene sangachite ndi kukwera pa nsanja ya msonkhano atavala chitenje cha asisitere.

Ine si loya kapena phungu. Chilungamo ndingachiyambire pati?

Ku khitchini kwanu. Pa m'bindikiro wathu woyamba, sisitere amene ankatitsogolera sanayambe ndi makalata a Apapa. Anatipatsa timapepala kuti aliyense alembe ndalama imene amalipira mtsikana wantchito kapena mlonda, tsiku limene amamulipira, ndi pamene amagona. M'chipindamo munangoti zii. Ine wanga sindinkamutcha n'komwe wantchito. Anali "mwana wa m'nyumba", wachibale wochokera kumudzi, wa zaka 14, amene ndinamutenga ndi lonjezo la sukulu, koma sukuluyo anali asanaiponde. Kenaka sisitere anatsegula Yakobo 5:4, pamene akunena kuti malipiro amene munamana okolola m'minda mwanu akufuula ndipo Ambuye amva. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Teremu yotsatira mtsikanayo anayamba sukulu, ndipo mbale za m'mawa ndinayamba kutsuka ndekha ndisanapite ku ntchito. Sindinama, miyezi yoyamba ndinkatsuka ndikung'ung'udza.

Mukachoka pakhomo, ntchito ili mbwee, ndipo chodabwitsa n'chakuti malamulo ambiri alipo kale. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa lamulo la 2011. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la 1911, komabe agogo akuphedwa ndi zidzukulu zawo zomwe mpaka lero. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti mwana wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Utenanti wa m'maesiteti a fodya unaletsedwa mu 2021. Kuzembetsa anthu kuli ndi lamulo lake la 2015. Koma lamulo lili pa pepala ku Lilongwe. Pa maliro pamene achimwene a malemu afika ndi loko watsopano wa chitseko, pamakhala inu. Bwenzi amene akudziwa lamulolo angathe kukhala pambali pa wamasiye, kuyankhula ndi amfumu, kumuperekeza kwa DC kapena ku komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya pa parishi. Zimenezo sizifuna digiri.

Pa kuzembetsa anthu asisitere ali patsogolo pa dziko lonse. Mu 2009 akuluakulu a zipani zawo anakhazikitsa mgwirizano wotchedwa Talitha Kum, mawu aja Yesu anauza kamtsikana kakufa kuti kadzuke, ndipo pa 8 Febuluwale, tsiku la Josephine Bakhita wa ku Sudan amene anagulitsidwa ukapolo ali mwana n'kudzakhala sisitere wa Canossian, Mpingo umapempherera ozembetsedwa. Tonse tinamva za atsikana athu amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito yabwino n'kukalandidwa mapasipoti. Asanakwere ndege, aliyense wa iwo anauzako munthu: mnzake wa m'kwaya, azakhali, mayi woyandikana naye nyumba. Sisitere sakanamva. Ife tikanamva.

Amene mumakonda manambala, a Centre for Social Concern ku Kanengo, bungwe la a White Fathers, amawerengera ndalama zimene banja limafunika pa mwezi kuti lipeze zofunika pa moyo, monganso amachitira a Jesuit Centre for Theological Reflection ku Lusaka. Tengani chiwerengero chawo muchiike pambali pa malipiro a mlonda wanu.

Kodi si zoika moyo pachiswe?

Kwa ena zinafika pamenepo. Pa 2 Disembala 1980 ku El Salvador asilikali anagwirira ndi kupha amayi anayi a ku America amene ankathandiza othawa nkhondo: asisitere Maura Clarke, Ita Ford ndi Dorothy Kazel, ndi Jean Donovan. Jean sanali sisitere. Anali mkhristu mwini wake wa zaka 27, wowerengera ndalama, ali ndi chibwenzi chomudikira kwawo. Anawakwirira dzenje limodzi, osafunsa kuti wa malumbiro ndani. Sisitere Dorothy Stang anaomberedwa ku Anapu m'dziko la Brazil pa 12 Febuluwale 2005, ali ndi zaka 73, chifukwa choima ndi alimi ang'onoang'ono amene eni ng'ombe ankawalanda malo. Pafupi ndi kwathu kuno, sisitere Janice McLaughlin anatsekeredwa ndi boma la Ian Smith ku Rhodesia mu 1977 n'kuthamangitsidwa, chifukwa cholemba nkhanza zimene asilikali ankachitira anthu a m'midzi. Sisitere Maria De Coppi anaphedwa ndi zigawenga ku Chipene, m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, mu Seputembala 2022, atatumikira m'dzikolo zaka pafupifupi 60.

Ambirife sitidzaona mfuti. Chathu ndi chaching'ono koma chimaluma tsiku ndi tsiku: kutchedwa wamatama, apongozi kusiya kukulonjerani, dzina lanu kusowa mwadzidzidzi pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo.

Asisiterewo amachita chilungamo iwo eni? Chipatala cha mishoni chimalipiritsa, ndipo ophika a pa konventi amadandaula.

Funsoli n'loyenera, ndipo bwenzi weniweni salithawa. Aepiskopi a mu 1971 aja ananenanso kuti amene akufuna kuyankhula za chilungamo ayambe waoneka wolungama iye mwini. Zipatala za mishoni zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo yachikhristu, limene limagwira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito za umoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Boma limalipira ambiri mwa ogwira ntchito, koma mankhwala, magetsi ndi mafuta a ambulansi chipatala chimadzigulira, ndiye chimalipiritsa. Zipatala zina zili ndi mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi ana aang'ono asalipire. Chifukwacho n'choona, koma mayi amene wabwerera pa geti ndi mwana wotentha thupi sichimutonthoza, ndipo asisitere ambiri amene ndimawadziwa nkhaniyi imawadya mumtima. Za malipiro a ophika, alonda ndi olima m'munda wa konventi, palibe chodzikhululukira nacho. Yakobo 5:4 salambalala mpanda wa konventi.

Dziwaninso kuti asisitere nawo amalakwiridwa mkati mwa Mpingo momwemo. Ambiri aphikira ndi kuchapira akuluakulu a Mpingo zaka ndi zaka popanda malipiro omveka kapena pangano lolemba. Mu Febuluwale 2019 Papa Francis anavomera poyera kuti alipo ansembe ndi aepiskopi amene anachitira asisitere nkhanza zogonana. Zinthu zikusuntha pang'onopang'ono: mu Januwale 2025 anasankha sisitere Simona Brambilla, amene anatumikirapo pakati pa Amakua ku Mozambique, kukhala mkulu wa nthambi ya ku Vatican yoyang'anira zipani zonse, mkazi woyamba pa udindo wotere. Kuno asisitere a zipani zosiyanasiyana ali ndi bungwe lawo la AWRIM lowayankhulira.

Amuna anga sakufuna.

Musalonjeze mobisa. Malumbiro anu oyamba ndi a ukwati, ndipo chipani chanzeru chimafunsa maganizo a mnzanu wapabanja chisanakulandireni. Atengeni tsiku lina akaone okha. Abambo a kwathu anapita koyamba kuti akaone "kumene kumathera ndalama ya minibasi", anakapeza pampu ya madzi ya asisitere itafa, anaikonza, ndipo mpaka lero sanalonjeze kanthu koma pampuyo ikafa amaitanidwa ndi iwo.

Mwana wanga wamkazi, yekhayo amene anafika ku koleji, akuti akufuna usisitere. Adzandisamala ndani?

Sindikunamizani kuti simutaya kanthu. Malipiro ake sadzabwera kwa inu, zidzukulu za mwa iye simudzazinyamula, ndipo tsiku limene mwadwala angathe kukhala ali ku Karonga kapena ku Kenya. Zipani zimalola sisitere kupita ku tchuthi, ku matenda ndi ku maliro a makolo, ndipo zambiri zimayesetsa kuthandiza kholo limene lasowa pogwira, koma si mofanana ndi mwana wa pa ntchito amene amatumiza ya feteleza chaka ndi chaka. Kambiranani zimenezi poyera ndi akuluakulu a chipanicho mwanayo asanalowe, abale ake onse alipo.

Chimene ndingakupempheni n'chakuti musamutemberere ndiponso musamukankhe. Alipo amene analowa chifukwa makolo ankafuna ulemu wa kukhala "amake sisitere", ndipo alipo amene anakanizidwa n'kukhala m'banja mtima uli kwina. Zaka zija zoyesera zilipo kuti iye adzionere yekha. Akabwerako asanachite malumbiro osatha, sanalephere ndipo sanachimwe; mulandireni ngati wochokera ku ulendo, anthu a pa mjigo anene zimene anganene.

Bwenzi akafuna kusiya?

Amauza amene amatsogolera gulu, ndipo nthawi yobwereza lonjezo ikafika sabwereza. Palibe tchimo, palibe kalata ya ku Roma. A magulu achitatu monga Afransisko lonjezo lawo ndi la moyo wonse, choncho njira yawo yotulukira ndi yotalikirapo.

Ndiyambire pati?

Gogodani pa konventi imene ntchito yake mumaidziwa, mufunse ngati chipani chawo chili ndi abwenzi. Si zonse zimene zili nawo, ndipo nthawi zina sisitere wotsegula chitseko sadziwa; pemphani kuonana ndi mkulu wa nyumba, kapena funsani bambo mfumu. Akakuitanani ku msonkhano pitani kangapo musananene kanthu. Onani ngati amapemphera kapena amangowerenga malipoti a ndalama, ngati wosauka amapatsidwa mpata woyankhula, ngati sisitere amakhala pa benchi limodzi ndi anthu. Tengani Baibulo, kope, ndalama yanu yobwererera, ndi kambale ka ufa.